MWANA AMENE NZERU ZAKE ZIYENDA NJIRA INA

1. Funso limene tifuna kuyankha

Inu amene muli kukonzekera ubatizo, ambiri a inu ndinu makolo kale, ndipo otsalanu mudzakhala makolo posacedwa. Cifukwa cake phunziro ili likamba za ana.

Tsiku lina m'mawa pitani ku sukulu ili yonse ya m'mphepete mwa nyanja yathu ino, kaya ku Meluluca, ku Metangula, ku Messumba kapena ku Cóbuè, mukaime pambali ndi kupenya. Mudzamva ana ambiri ali kuyankha mphunzitsi ndi liwu limodzi. Koma mukapenyetsetsa mudzaona kuti si onse ali kuyendera limodzi. Pali mwana amene wabwereza kalasi kawiri, koma zilembo zikali kumsokoneza. Pali wina amene sakhazikika pansi. Mbalame ikadutsa, maso ndi mtima wake zapita nayo. Pali wina amene atseka makutu ndi manja anzake akayamba kuimba, ndipo safuna kupenya munthu kumaso. Ndipo pali wina amene simudzamuona konse, pakuti anamsiya kumudzi, ali kuingitsa nkhuku pa cinangwa coyanika.

Maina amene timapatsa ana otere muwadziwa: citsiru, cidzete, wozerezeka, wopanda mutu. Tisanabwerezenso maina amenewa, tiyeni tifunse mafunso atatu. Kodi mwana wotere ndi wocepa pa anzake? Kodi sukulu ndi yakenso? Ndipo funso lovuta koposa ndi ili: kodi tiyenera kungompirira, kapena tingathe kukondwera naye monga momwe alili?

2. Kodi ana awa ali ndi ciani?

Woweruza mlandu ayenera kuyamba wamva. Tsono mverani zimene anapeza anthu ofufuza za thupi ndi za ubongo.

Pali ana amene nzeru zao ndi zakuthwa pa kulankhula ndi pa kukumbukira, koma zilembo ziwavuta kuzilumikiza ndi mamvekedwe ake. Mwana wotere angakuuzeni maina a nsomba zonse za m'khoka, koma dzina lake lomwe alilemba mosokoneza. A cipatala amati dislexia, dzina limene analiyamba Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Germany, m'caka ca 1887. Umenewu si ulesi, ndipo cikoti sicithandiza kanthu.

Pali ena amene maganizo ao sakhala pa cinthu cimodzi nthawi yaitali, ndipo thupi lao lifuna kuyendayenda. Amva lamulo, alivomera ndi mtima wonse, koma pakapita kanthawi aliiwala. Akulu amati ndi mwano, pamene kawirikawiri mwanayo ndiye ayamba kumva cisoni.

Pali ena amene a cipatala amati ali ndi autismo. M'caka ca 1943 dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, analemba za ana 11 otere amene anawaona. Ena acedwa kulankhula, ena salankhula konse, ena alankhula bwino koma nthabwala ndi mikuluwiko ziwadutsa. Phokoso lalikulu, kapena dzanja lowakhudza modzidzimutsa, liwapweteka monga munga. Akonda kuti zinthu zicitike mwa dongosolo lomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo ena adziwa cinthu cimodzi mozama kupambana akulu.

Palinso ana a síndrome de Down. Thupi la munthu lipangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso, ndipo m'kati mwa tizigawoti muli timitolo 46 tosunga malangizo a m'mene thupi lidzakulire. Ana ena abadwa ndi timitolo 47. Izi anazitulukira ku Paris m'caka ca 1959 a Jérôme Lejeune, a Marthe Gautier ndi a Raymond Turpin. Ana amenewa acedwa kuyenda ndi kulankhula, koma aphunzira ndithu akapatsidwa nthawi.

Cakumapeto kwa zaka za 1990, anthu a autismo eni ake, pamodzi ndi mai Judy Singer wa ku Australia, anafalitsa liwu latsopano limene pa Cipwitikizi likuti neurodiversidade. Tanthauzo lake ndi lakuti ubongo wa anthu suli ngati njerwa zoumbidwa m'cikombole cimodzi, ndipo kusiyana kwake ndi mbali ya cibadwidwe ca mtundu wa anthu. Inu a kunyanja simungavutike kumvetsa zimenezi. Palibe mabwato awiri ofanana, cifukwa mmisiri posema atsata mtengo. Bwato lina lipendekera kumanja, lina lilemera kumbuyo, lina liyenda msanga koma silikonda mwera. Wopalasa wanzeru satukwana bwato. Aliphunzira, nadziwa pokhala ndi mbali yoponyera nkhafi.

3. Kodi walakwa ndani?

Mwana wotere akabadwa, mudzi uyamba kunong'ona. Ena ati mai wake anadumpha mwambo ali ndi pakati. Ena ati mkazi mnzake anamlodza. Ena, akaona kuti atate a mwanayo apha usipa wambiri kapena atsegula sitolo, ati: "Anakhwimira mwana wake, anamsandutsa ndondoca kuti alemere." Mau otere athetsa maukwati, adanitsa abale, ndipo acititsa makolo manyazi kotero kuti abisa mwana m'nyumba.

Koma taganizani bwino. Ana a síndrome de Down abadwa pakati pa mitundu yonse ya anthu: ku Lichinga, ku Lisboa, ku China ndi ku America, m'nyumba za olemera ndi za osauka, kwa anthu amene sanamvepo za zizimba zathu. Ndi cimodzimodzi ndi autismo ndi dislexia. Cinthu cimene cioneka pa dziko lonse lapansi mwa njira imodzimodzi sicingacokere kwa mfiti ya m'mudzi mwanu. Ndipo munthu amene aneneza mnzake ufiti popanda umboni aphwanya lamulo lacisanu ndi citatu, limene muli kuliphunzira, loletsa kunamizira mnzako.

Funso lomweli linafunsidwa kale kwa Ambuye Yezu. Pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, ophunzira ataona munthu wobadwa wosapenya anafuna kudziwa amene anacimwa, iyeyo kapena makolo ake. Ambuye anakana zonse ziwiri. Ophunzirawo anali kufunafuna womloza cala, koma Ambuye anatembenukira kwa munthu amene anali patsogolo pao. Inunso mukaona mwana wotere, musafunse kuti walakwa ndani. Funsani kuti mwanayu asowa ciani.

4. Kodi ulemu wa munthu ucokera kuti?

Anthu ambiri, ngakhale sanena, amayesa munthu ndi zimene angathe kucita: kuwerenga, kulima, kukoka khoka, kupeza ndalama. Tiyeni tiutsate muyeso umenewu kufikira kumapeto kwake, tione kumene utifikitsa. Ngati ulemu wa munthu ucokera ku nzeru, khanda la masiku atatu lilibe ulemu, pakuti silidziwa kanthu. Agogo amene akalamba nayamba kuiwala maina a adzukulu ao ataya ulemu wao. Inu nomwe, tsiku limene malungo adzakubwebwetetsani, mudzaleka kukhala munthu kufikira mutacira. Palibe mmodzi wa inu angavomere zimenezi. Mukana cifukwa mtima wanu udziwa kuti umunthu sukwera ndi kutsika monga madzi a m'nyanja. Eklezia anena comweco pophunzitsa kuti munthu ali yense analengedwa m'cifaniziro ca Mulungu. Cifaniziro cimeneci munthu abadwa naco. Sacilandira pa tsiku la mayeso.

Ndiponso muyeso wathu unama kawirikawiri. Jean-Marie Vianney, wobadwa m'caka ca 1786 pafupi ndi Lyon ku France, anali mwana wa mlimi. Ku seminale maphunziro anali m'Cilatini, ndipo iye analephera kotero kuti anambweza. Wansembe wina, bambo Balley, anamtenga namphunzitsa payekha m'Cifalansa. Anadzozedwa unsembe m'caka ca 1815, ndipo pambuyo pake anthu zikwi zambiri anali kuyenda maulendo atali kukamfunsa uphungu pa mudzi wa Ars. Mai Temple Grandin wa ku America, wobadwa m'caka ca 1947, ali ndi autismo, ndipo sanalankhule kufikira atapitirira zaka zitatu. Atakula anazindikira zimene ziopsa ng'ombe, zinthu zimene anthu ena sanali kuziona, nakonza makola ndi njira zodutsamo ng'ombe mopanda mantha. Anakhala mphunzitsi pa sukulu yaukacenjede ya Colorado State University.

Koma cenjerani pano. Musati: "Tsono tiwasamale ana awa, cifukwa mwina mmodzi adzakhala munthu wochuka." Mukatero mwabwerera ku muyeso wakale uja. Ana ambiri otere sadzachuka. Ena sadzawerenga kalata moyo wao wonse, ena adzafuna wowasamala kufikira imfa. Ulemu wao ndi wathunthu ngakhale zili conco. Nkhani za anthu awiriwa zingotiphunzitsa kuti ife sitidziwa zimene zili m'kati mwa mwana, ndi kuti pamene wina anaoneka ngati wolephera, panapezeka munthu woleza mtima amene anasintha njira yomphunzitsira.

5. Kodi sukulu ndi yakenso?

Malamulo avomera. M'mwezi wa June 1994 nthumwi za maboma 92 zinakumana ku Salamanca, ku Spain, ndipo zinagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, ndi kuti sukulu ndiyo iyenera kusintha kuti iyenerane ndi mwana. M'caka ca 1998 dziko la Mozambique linayamba nchito ya Escolas Inclusivas, ndiko kunena sukulu zosapatula. M'caka ca 2006 bungwe la United Nations linakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu olumala, ndipo Mozambique inalimanga pangano limeneli m'caka ca 2012. Boma linamanganso malo atatu othandiza pa maphunziro a ana otere, ku Gaza, ku Tete ndi ku Nampula. Koma ndi mlimi uti wa ku Cóbuè angatumize mwana wa zaka 7 ku Nampula? Kwa ana a kunyanja kuno, sukulu ya m'mudzi ndiyo yokhayo. Ikawatsekera citseko, palibe cina cotseguka.

Mwina wina adzati: "Zolembedwazo ndi zabwino, koma mphunzitsi wathu ali ndi ana 60 kapena kuposa, ena akhala pansi, mabuku sakwana. Akataya nthawi ndi mwana mmodzi wocedwa, kodi sadzalakwira ana ena onse, ndi wanga yemwe?" Funso ili ndi la munthu woona mtima, ndipo liyenera yankho loona. Ndi zoona kuti katundu wa mphunzitsi ndi wolemera, ndi kuti zinthu zina zimene ana awa asowa sizipezeka kuno. Koma pali mayankho atatu.

Loyamba: cilungamo si kupatsa onse zofanana, koma kupatsa ali yense cimene cimyenera. Mai pogawa cakudya apatsa khanda phala, mnyamata kondowole, wodwala msuzi, ndipo palibe amene amuimba mlandu wa tsankho. Sukulu zathu zinaphunzira kale phunziro limeneli pa nkhani ya cinenero. Kwa zaka zambiri mwana wolankhula Cinyanja anali kukhala cete m'kalasi ya Cipwitikizi, ndipo anali kuyesedwa wopusa. Kuyambira 1993 kufikira 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana ena a ku Tete m'Cinyanja, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kufalikira m'dziko. Ana ambiri amene anali cete anayamba kuyankha. Vuto silinali m'mutu mwao. Linali pa khomo lolowera.

Laciwiri: zambiri zothandiza sizifuna ndalama. Mwana wovutika kumvetsa akhale kutsogolo. Mphunzitsi apereke lamulo limodzi lalifupi, likatha apereke lina. Wovutika ndi zilembo azilembe zazikulu ndi cala pa mcenga, ali kuchula mamvekedwe ake, ndipo pa mafunso ena aloledwe kuyankha pakamwa. Wosakhazikika apatsidwe nchito yoyenda, monga kufufuta bolodi ndi kugawa mabuku. Wa autismo auzidwe pasadakhale ngati dongosolo la tsiku lisintha, ndipo akhale ndi malo a phee opumirako phokoso likamkulira. Ali yense akhale ndi mnzake woyenda naye popita ndi pobwera. Njira zimenezi zithandizanso ana ena, pakuti ndani sakonda mphunzitsi wolankhula zomveka?

Lacitatu ndi lalikulu koposa. Sukulu siphunzitsa zilembo ndi masamu zokha. Iphunzitsanso m'mene anthu akhalira ndi anzao. Mwana wanu akaona kuti wofooka abwezedwa kunyumba, waphunzira kuti munthu wopanda phindu atayidwa. Phunziro limeneli adzalikumbukira inu mutakalamba. Koma akakula ali kugwira dzanja la mnzake wocedwa, waphunzira cimene makolo athu anatanthauza ponena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

6. Kodi tingakondwere ndi cinthu cimene cipweteka?

Tafika pa funso lovuta lija. Mai amene sagona usiku cifukwa mwana wake ali kulira osatha kunena comupweteka, amene sangapite kumunda popanda kuopa kuti mwana alowa m'nyanja, akamva anthu ali kunena za kukondwera angayese kuti ali kumseka. Tsono tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri: zimene tiyenera kulimbana nazo, ndi zimene tiyenera kuzilandira.

Zolimbana nazo ndi matenda, njala ndi citonzo. Malungo akakwera ku ubongo wa mwana angamsiye ali ndi khunyu, kapena wovutika kuphunzira. Cifukwa cake mwana akatentha thupi nayamba kukomoka, thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo. Ukonde woteteza udzudzu ndi wa pa mphasa ya mwana. Amene autenga kukaphera tinsomba m'mbali mwa nyanja agulitsa ubongo wa mwana wake ndi mbale ya ndiwo. Mai woyembekezera asamwe kacasu kapena mowa wina, pakuti uononga ubongo wa mwana ali m'mimba. Ndipo khunyu si lopatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi mpweya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linena kuti mwa anthu 10 a khunyu, mpaka 7 angaleke kugwa akamamwa mankhwala oyenera tsiku ndi tsiku. Mwana akagwa musathawe. Mcotseni pafupi ndi moto ndi madzi, musaike kanthu m'kamwa mwake, ndipo kugwedezekako kukaleka mgonekeni cammbali. Asasambe m'nyanja kapena kukwera bwato ali yekha. Koma ku sukulu apite.

Zoyenera kulandira ndi mwana mwini, pamodzi ndi njira imene nzeru zake ziyendamo. Sitikondwera ndi kugwa kwa khunyu, sitikondwera ndi misozi ya mai. Tikondwera kuti mwanayu alipo, kuti ndi wathu, ndi kuti mudzi wathu ukanakhala wosauka koposa iye akanasowa. Kupirira munthu ndi kukondwera naye zisiyana pamenepa. Wompirira ayembekeza tsiku limene adzacoka, pamene wokondwera naye akaona malo ake ali opanda munthu afunsa kuti: "Kodi lero uje ali kuti?"

Cikondwerero cotere cioneka ndi nchito. Musauze mai wotopa kuti mwana wake ndi dalitso, inu ndi kupitirira ulendo wanu. Mtungireni madzi, khalani ndi mwanayo masana amodzi kuti mai wake apume. Pamenepo mau anu adzakhala ndi tanthauzo. Dziko lapansi linapatula tsiku la 21 March kukumbukira anthu a síndrome de Down, ndi la 2 April kukumbukira a autismo, ndipo pa 1 June sukulu zathu zicita cikondwerero ca tsiku la ana. Pa masiku otere musaimike mwana wotere pakati pa bwalo kuti anthu amcitire cifundo. Aime pa mzere wa mganda kapena wa ciwoda pamodzi ndi anzake, ngakhale phazi lake licedwe pang'ono. Ngati ng'oma imsokosa, apatsidwe nchito ina imene aikonda. Dzina lake liitanidwe pamodzi ndi maina a ana ena onse.

7. Zimene mungacite inu

Yambani ndi pakamwa panu. Itanani mwana ali yense ndi dzina lake, ndipo ana anu akamaseka mnzao, adzudzuleni pomwepo.

Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wobisidwa, pitani kwa makolo ake mwaulemu, osati moimba mlandu, muwaperekeze kukamlembetsa. Ngati palibe kalata ya kubadwa, athandizeni kuifuna.

Pa sukulu ili yonse pali bungwe la makolo, aphunzitsi ndi akulu a mudzi, limene pa Cipwitikizi likuti Conselho de Escola. Pitani ku misonkhano yake, mukafunse kuti ndi ana angati a msinkhu wa sukulu amene ali kumudzi, ndi cifukwa cake. Musasiye katundu yense pa mphunzitsi. Mutu umodzi susenza denga.

Potsiriza, penyani m'kalasi yanu yomwe ino. Pakati panu pali wina amene mayankho a katekisimu salowa m'mutu mwake ngakhale awabwereze kakhumi. Musamseke, ndipo iye asataye mtima. Buku la malangizo a kaphunzitsidwe ka cikhulupiriro limene linatuluka ku Roma m'caka ca 2020 likumbutsa kuti kulumala si cifukwa comanira munthu masakramenti. Mukaphunzira kudikira mnzanu pano, mudzadziwa kudikira mwana kunyumba ndi ku sukulu.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu anthu amati ciani mwana akacedwa kulankhula kapena kuphunzira? Mau amenewa acita ciani kwa mai wake?
2. Ngati ulemu wa munthu ucokera ku nzeru, cidzacitika ndi ciani kwa makanda, odwala ndi okalamba?
3. Kodi kupatsa onse zofanana ndi kupatsa ali yense comuyenera zisiyana bwanji? Perekani citsanzo ca kunyumba kwanu.
4. Kodi ndi zinthu ziti zimene tiyenera kulimbana nazo, ndipo ndi ziti zimene tiyenera kuzilandira?
5. Kodi mudziwa mwana amene sapita ku sukulu pa zifukwa zimenezi? Ndani wa inu adzapita kwa makolo ake sabata ino?